Mwana wa Mzere Wakumbuyo Aoneke

M'masukulu ambiri a sekondale a ku United States, pachaka pamakhala tsiku limodzi lomwe mphunzitsi wina salowa m'kalasi. Amalawirira m'holo ya masewera atagwira ndandanda ya makalabu, ndipo pomaweruka mawu amakhala atasasa. Ndi tsiku lojambula zithunzi za magulu zoti zikalowe mu yearbook, buku lokumbukira chaka lomwe ana asukulu amakonza okha moyang'aniridwa ndi mphunzitsiyo. Chimkuzamawu chimaitana gulu ndi gulu: kwaya, kalabu ya zisudzo, ya mtsutso, ya sayansi. Gulu lililonse lili ndi mphindi zowerengeka kuti lifike, likwere pamabenchi osanjikizana, lijambulidwe, lilembetse maina n'kutuluka lina lisanalowe.

Ambiri saiwerengera ntchitoyi m'gulu la luso. Amati ndi kufoletsa ana basi, luso lili ndi mwini kamera. Koma amene anaonetsetsa zithunzi za magulu, zabwino ndi zoipa zomwe, amadziwa kuti chithunzi chotere chimakoma kapena kuonongeka batani lisanadinidwe. Wojambula amabwera ndi kamera, magetsi ndi makwerero, koma anawo sawadziwa. Sadziwa kuti kamtsikana kamene kakuzembera kumbuyo kwa anzakeko ndi kamene kanayambitsa kalabuyo, kapenanso kuti anyamata atatu amene akwera pabenchi yapamwamba si a kalabuyo n'komwe, angothawa phunziro la masamu. Wodziwa zimenezi ndi mphunzitsi, ndipo ndi iye amene amaumba chithunzicho pogawa malo.

Vuto logawa malo linayamba kale kamera kulibe. M'zaka za m'ma 1600 ku Netherlands, magulu a asilikali olondera mizinda ankasonkha ndalama kuti katswiri wa penti awajambule onse pamodzi. Wosonkha aliyense ankafuna nkhope yake ioneke, choncho zithunzi zakale za mtunduwu zinkangokhala mitu yondandalikidwa m'mizere. Frans Hals wa ku Haarlem anapeza njira yozipatsira moyo: ankawakhazika paphwando, wina akutembenuka, wina atakweza chikho, koma nkhope iliyonse ili poyera. Rembrandt, mu chithunzi chake cha mu 1642 chotchuka ndi dzina loti The Night Watch, anapitirira pamenepo. Anaika mtsogoleri Frans Banninck Cocq ndi wachiwiri wake kutsogolo powala, ena onse n'kuwamwaza ali pakalikiliki, ena mumdima, wina nkhope itatchingidwa ndi mkono wa mnzake. Anthuwo analipira pafupifupi magilda 100 aliyense, wina kuposerapo wina kucheperapo malinga ndi malo omwe anapatsidwa. Monga chojambula, ntchito ya Rembrandt ndi yoposa. Monga chikumbutso cha gulu, inasiya ena pambali, ndipo patapita nthawi pachithunzipo anawonjezerapo chishango cholembedwa maina 18 a asilikaliwo.

Mphunzitsi wa tsiku la zithunzi amaima pakati pa zofuna ziwiri zomwezi. Akaumirira dongosolo lokha, chimatuluka chithunzi chouma, cha mitu yowerengeka koma yosanena kanthu. Akalekerera ufulu wokha, chimatuluka chithunzi chosangalatsa chomwe ana asanu sakuonekamo. Pasukulu, ngongole yoyamba ndi ya mwana aliyense, chifukwa kholo likatsegula bukulo limafuna nkhope imodzi yokha.

Mabuku oterewa anakula limodzi ndi luso la kamera. Zithunzi zoyambirira, za daguerreotype, zinkatuluka chimodzichimodzi pachitsulo, zosatheka kuzichulukitsa. Atatulukira njira yojambula pagalasi, yomwe inkalola kutsuka zithunzi zambiri kuchokera pa chimodzi, wojambula wa ku Massachusetts, George K. Warren, anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1850 kukonzera mabuku a zithunzi ophunzira omaliza maphunziro m'makoleji monga Harvard ndi Dartmouth. Mu 1936, ku Minnesota, Eldon Rothgeb ndi R. Bruce Reinecker anayambitsa kampani ya National School Studios, yomwe inkayendera timasukulu takumidzi. Kampaniyo ndi yomwe inadzakhala Lifetouch, ndipo mu 2018 Shutterfly inaigula ndi madola 825 miliyoni. Ndalama zotere zikutanthauza liwiro: wojambula wa kampani amayembekezeka kumaliza sukulu yonse tsiku limodzi, ndipo liwirolo ndi lomwe limafananitsa zithunzi za masukulu a dziko lonse ngati kuti zinajambulidwa ndi munthu mmodzi.

Malamulo a m'manja a ntchitoyi ndi ochepa, ndipo lililonse lili ndi chifukwa chake. Aatali amapita kumbuyo ndi pakati, kuti mutu wa gulu ukwere pakati n'kutsetserekera m'mbali. Mizere siiima mutu kumbuyo kwa mutu. Aliyense amasuzumira pampata wa mapewa a awiri amene ali patsogolo pake. Ndiye pake mphunzitsi wozolowera amafuula kuti, "Ngati kamera simukuiona ndi maso onse awiri, nayonso sikukuonani!" Mizere imapanikizidwa kuti iyandikane, chifukwa kamera imaonetsa bwino zinthu za pamtunda umodzi, zapatsogolo kwambiri kapena zakumbuyo kwambiri n'kuchita chimbuuzi. Wojambula amachepetsa kabowo kolowetsa kuwala, kufika pa f/8 kapena f/11, kuti mizere inayi kapena isanu ituluke yakuthwa, ndipo amalunjikitsa kamera pamzere wachiwiri osati woyamba. Akamakwera makwerero sikuti akufuna kudzionetsa. Kuchokera pamwamba, mtunda wa pakati pa kamera ndi mzere woyamba umayandikirana ndi wa mzere womaliza, nkhope zonse zimadzuka kuyang'ana kumwamba, ndipo zibwano zimachoka pachifuwa. Wojambula waulesi amene wayandikira gulu n'kugwiritsa ntchito lenzi yotambasula amalanga ana a m'mphepete: nkhope zawo zimafutukuka, mapewa n'kupindika. Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo mapazi angapo.

Kenako pali kuphethira. Mu 2006, Nic Svenson ndi Piers Barnes a bungwe lofufuza za sayansi la CSIRO ku Australia analandira mphotho ya Ig Nobel, ya kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo, atawerengetsera kuti wojambula ayenera kudina kangati kuti apeze chithunzi chopanda wotsinzina. Anapeza kuti pagulu la anthu osakwana 20, kuti adziwe kuti adine kangati, chiwerengero cha anthuwo chigawidwe ndi 3 kukakhala kowala bwino, kapena ndi 2 kukakhala kwachizimezime. Gulu likafika cha m'ma 50, chiyembekezo chopeza chithunzi chopanda banga chimakhala chitatha. Izi zikuchotsa mlandu pa wojambula amene amadina kakhumi gulu litatopa kale, komanso zikuonetsa chifukwa chake mphunzitsi ali wofunika pamphindi imeneyo. Ana amatha kupirira masekondi makumi awiri ali chete ngati amene wawapempha ndi munthu amene amamudziwa mawu.

Nkhani ya kuwala ili ndi mbiri yowawa, ndipo imakhudza aliyense wa khungu lakuda. Kwa zaka zambiri, malo otsukira zithunzi ankayeza mitundu pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lotchedwa Shirley, lomwe linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Montreal, m'kafukufuku yemwe anasindikiza mu 2009, anafotokoza kuti vutoli linkaonekera poyera pazithunzi za makalasi momwe munali ana akuda ndi oyera pamodzi: nkhope za ana oyera zinkatuluka bwino, za ana akuda n'kumira, kungotsala maso ndi mano. Anafotokozanso kuti madandaulo amene anathandiza kuti filimu isinthidwe anachokera kwa opanga mipando ya matabwa ndi chokoleti, omwe katundu wawo wofiirira sankaoneka bwino pazithunzi zotsatsira malonda. Makamera a lero ndi abwinopo, komabe msampha udakalipo pabwalo la sukulu iliyonse ya ku Malawi kapena ku Zambia komwe yunifolomu ili ndi malaya oyera. Kamera ikaona malaya oyera makumi asanu padzuwa la paliwombo, imaganiza kuti kwawalitsa, n'kuchepetsa kuwala, ndipo zimene zimada ndi nkhope. Wojambula wodziwa ntchito amayeza kuwala pankhope, malaya awale mopitirira ngati afuna. Amasankha m'mawa kapena chakumadzulo, kapena mthunzi wathunthu wa khoma la kalasi. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali pamanyenga: pamaoneka pozizira bwino, koma pamagwetsa kuwala kwa mawangamawanga, wina mphuno yowala, wina diso limodzi mumdima. Kuyang'anitsa ana kudzuwa nako kumangobala gulu la anthu othobwa m'maso.

Dongosolo likakhwima chotere, ana amapeza njira yawo yolowetsamo moyo, ndipo mbiri ya zithunzi za sukulu ili ndi chitsanzo chokoma. Kamera ya Cirkut, yomwe inayamba kupangidwa ku Rochester, New York, cha mu 1904, inkazungulira pang'onopang'ono pamiyendo yake poyendetsedwa ndi sipuling'i, filimu ikudutsa pakampata kopyapyala. Sukulu yonse inkakhala mokhota ngati uta kuti pachithunzi chachitalicho ituluke mumzere woongoka. Popeza kamera inkatenga masekondi angapo kuchoka mbali ina kufika ina, mwana wa kumapeto ankatha kudikira kuti imudutse, n'kuthamanga chowerama kuseri kwa anzake, kukaima kumapeto enawo. Pazithunzi zambiri zakale za masukulu a ku Britain ndi America muli mwana mmodzi wooneka kawiri. Aphunzitsi a nthawiyo ankalanga, koma lero chithunzi chotere n'chimene anthu amachiyang'ana nthawi yaitali.

Chithunzi cha gulu chimene chinagwirizanitsa bwino dongosolo ndi moyo sichinajambulidwe pasukulu, koma mphunzitsi aliyense angaphunzirepo. Pa 12 Ogasiti 1958, Art Kane anaitanira oimba jazz kutsogolo kwa nyumba ina ya pa 126th Street ku Harlem, kuti awajambulire magazini ya Esquire. Nthawi inali 10 koloko m'mawa, ola lovuta kwa anthu ogwira ntchito usiku. Pachithunzipo pali oimba 57. Anthuwa anali asanaonane nthawi yaitali, choncho anatanganidwa ndi kupatsana moni, osamva za wojambula, mpaka Kane anapinda nyuzipepala n'kumafuuliramo. Masitepe a nyumbayo ndi amene anamugwirira ntchito ya mabenchi: anakweza nkhope mzere ndi mzere popanda wotchinga mnzake. Zotsalazo anazisiya mmene zinalili. Count Basie, atatopa kuimirira, anakhala pansi m'mphepete mwa msewu pamodzi ndi ana a m'deralo. Dizzy Gillespie anatulutsira lilime Roy Eldridge, yemwe anatembenuka kumuyang'ana. Thelonious Monk anaima pafupi ndi Mary Lou Williams ndi Marian McPartland atavala jekete yowala. Aliyense akupezeka, ndipo aliyense akuoneka mmene alili. Koma ngakhale apa panatayika munthu: woimba piyano Willie "The Lion" Smith anatopa kudikira n'kukakhala pambali, ndipo chithunzi chimene chinasindikizidwa chinajambulidwa iye kulibe. Kukanakhala wina wogwira ndandanda ya maina pambali pa Kane, akanamuitana.

Phunziro lake ndi lakuti kamangidwe kakhale kolimba, anthu akhale omasuka m'kati mwake. Mphunzitsi wanzeru amayamba ndi chithunzi chaulemu, manja pansi, maso kutsogolo, kenako amalola china choti ana achite zimene akufuna. Kawirikawiri chabwino koposa chimakhala cha pakati pa ziwirizi, pamene mapewa agwa koma mizere isanasweke. Neal Slavin, m'buku lake la mu 1976 la zithunzi za makalabu ndi mabungwe a ku America lotchedwa When Two or More Are Gathered Together, ankajambula gulu lililonse pamalo pake, ndi zida zake ndi zovala zake. Julian Germain wa ku Britain, kuyambira mu 2004, anayenda m'maiko ambiri, kuphatikizapo Ethiopia ndi Nigeria, kujambula ana ali m'kalasi mwawo momwe, pamadesiki awo, iye ataima pamalo a mphunzitsi. Pazithunzi zakezo khoma, bolodi ndi mazenera zimanena zambiri za sukuluyo zimene nsalu yotchinga kumbuyo ikanabisa. Apa ndi pamene tsiku la m'holo limaperewera: kalabu ya sayansi, kwaya ndi timu ya chess zonse zimatuluka pamabenchi amodzimodzi, ndipo popanda mawu apansi palibe angasiyanitse. Mphunzitsi amene amauza oimba kuti abwere ndi zoimbira zawo, kapena amene amapempha kuti gulu la zisudzo lijambulidwire pasiteji, wachita ntchito ya luso, ngakhale itamudyera mphindi za ndandanda yake.

Nako kumwetulira si lamulo lachilengedwe. Mu 2015, Shiry Ginosar wa pa yunivesite ya California ku Berkeley ndi anzake anasanthula pakompyuta zithunzi 37,921 za m'mabuku a yearbook a zaka zoposa 100, ndipo anaonetsa kuti milomo inkanka imasuka zaka zikamapita, kuchoka pankhope zaulemu za kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kufika pamano apoyera a masiku ano. Mwana amene sakufuna kuseka asakakamizidwe. Nkhope yodekha ndi nkhope yakenso.

Gawo limene limanyozeka kwambiri ndi la maina, chonsecho ndi limene limapatsa chithunzi moyo wautali. Pa tsiku la zithunzi, kabolodi kolembedwa dzina la kalabu kamagwiridwa kutsogolo pachithunzi choyamba, kuti pokonza buku magulu asasokonekere. Kenako pepala limayenda mzere ndi mzere, kuchokera kumanzere kupita kumanja, aliyense asanasunthe pamalo pake. Mwana mmodzi akalumphidwa, maina onse otsatira amagwera pankhope zolakwika, ndipo buku likasindikizidwa cholakwacho sichifufutika. Mphunzitsi ndi ana okonza buku amatha masabata akuwerenga zolemba zokhotakhota, kufananiza ndi kaundula wa sukulu, kuchotsa maina opeka amene ana ochenjera alembapo. Ndi ntchito yotopetsa, koma kulemera kwake anakuonetsa Marcelo Brodsky wa ku Argentina. Mu 1996 iye anatenga chithunzi cha kalasi yake cha mu 1967, cha pa Colegio Nacional de Buenos Aires, n'kuchikulitsa kwambiri, kenako n'kulemba ndi makrayoni pa mwana aliyense zimene zinamuchitikira: uyu ali kunja, uyu ndi dokotala, uyu safuna kulankhula za kale. Awiri mwa anawo anaphedwa kapena kusowetsedwa ndi asilikali, omwe analamulira dzikolo kuyambira 1976 mpaka 1983. Ntchitoyo, yomwe ili m'gulu la zithunzi zake lotchedwa Buena Memoria, yaonetsedwa m'maiko ambiri. Wojambula wa mu 1967 uja ankangogwira ganyu yake ya tsikulo, koma chifukwa choti nkhope iliyonse inaoneka bwino, Brodsky anapeza polemba.

Chifukwa chomwechi n'chimene chikupangitsa kuti njira yatsopano yolumikiza zithunzi pakompyuta ikhale yokayikitsa. Makampani ena tsopano amajambula mwana aliyense payekha, kenako n'kuwasanja onse pakompyuta ngati anaima pamodzi. Njirayi inafala kwambiri m'nyengo ya COVID-19, pamene ana sankaloledwa kuunjikana, ndipo panthawiyo inali yomveka. Ubwino wake ndi woonekeratu: palibe wotsinzina, palibe wotchingidwa, wodwala tsikulo amawonjezedwa mawa. Koma chimene chimatuluka ndi kaundula wa nkhope. Palibe dzanja lili paphewa la mnzake, palibe awiri oyandikana chifukwa chokondana, palibe woseka chifukwa cha zimene wapambali wanong'oneza. Kusintha mutu umodzi wotsinzina ndi wochokera pachithunzi cha sekondi yotsatira n'kukonza kovomerezeka, pakuti mwanayo analipodi pamenepo. Kumanga gulu lonse la anthu amene sanaime pamodzi n'kupanga umboni wa chinthu chimene sichinachitike.

Ku Malawi mwambo wa yearbook sunazike mizu m'masukulu ambiri, koma chithunzi cha kalasi chilipo, makamaka cha a Fomu 4 akamatsanzikana. Kale chinkadalira wojambula woyendayenda, wobwera panjinga ndi kamera ya filimu, yemwe ankatenga ndalama n'kubwera ndi zithunzi zotsuka patapita masiku. Lero foni ili m'thumba la mphunzitsi aliyense, ndipo zithunzi zachuluka koma zosamalidwa zachepa. Vuto la kuno ndi kukula kwa makalasi. Maphunziro a pulayimale ataulere atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni, ndipo mpaka lero kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo. Gulu lotere silijambulika munthu ataima pansi, pokhapokha akhale wokonzeka kutaya theka la nkhope. Eugene Goldbeck wa ku San Antonio, Texas, pojambula asilikali 21,765 mu 1947, anachita kumanga nsanja yaitali n'kulemberatu pansi malo a munthu aliyense. Sukulu ya kumudzi siifunika nsanja: khonde lokwera, tebulo lolimba kapena chulu cha pafupi ndi bwalo zimakwanira kukweza wojambula, pomwe mizere ikutsika kuchokera kwa oima pamabenchi, oima pansi, okhala pamipando, mpaka okhala pamphasa.

Chotsalira ndi kusunga. Chithunzi cha ana 100 chikatumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimapanikizidwa, ndipo nkhope za mzere wakumbuyo, zomwe n'zazing'ono kale, zimasanduka timadontho. Chiyenera kutumizidwa ngati fayilo yathunthu, ndipo chimodzi chitsukidwe papepala lalikulu ndithu, maina alembedwe kuseri kwake mzere ndi mzere pamodzi ndi chaka ndi dzina la kalasi, chisungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Ntchito yolemba mainayo ichitike sabata yomweyo, mphunzitsi wa kalasi akadali wotha kutchula mwana aliyense pongomuona.